Momwe mungathandizire wodwala sitiroko amene akuvutika maganizo

Munthu akatuluka m'chipatala atadwala sitiroko, achibale amaika chidwi chonse pa mkono ndi mwendo zomwe zafooka, chonsecho pafupifupi mmodzi mwa anthu atatu alionse opulumuka ku matendawa amadwalanso matenda ovutika maganizo, ndipo mmodzi mwa anayi amakhala ndi nkhawa yopitirira muyeso. Vutoli limayamba chifukwa cha kuvulala kwa ubongo, komanso chifukwa cha chisoni choti munthu amene ankadyetsa banja tsopano akusambitsidwa ndi ana ake.

Choyamba, muonetsetseni kwa masabata awiri. Ngati pafupifupi tsiku lililonse akukhala wachisoni, akukana chakudya, akusowa tulo, sakufunanso kucheza ndi alendo, kapena akuopa kuimirira poganiza kuti agwa, musafulumire kunena kuti ndi ulesi kapena kuchepa kwa chikhulupiriro. Chizindikiro chomwe mabanja ambiri amachiphonya ndi kukana mafizo (masewera olimbitsa ziwalo zomwe zafooka), pomwe mafizowo ndiwo amathandiza kuti munthu ayambenso kuyenda ndi kudzidyetsa yekha.

Chachiwiri, mufunseni mwini wakeyo momwe akumvera mumtima. Ngati sitiroko inasokoneza kalankhulidwe, funsani mafunso ongofuna inde kapena ayi, ndipo mudikire yankho mosamufulumizitsa. Chizolowezi chokambirana za wodwala iye ali pomwepo ngati kuti sakumva n'choipa, chifukwa ambiri amamva zonse.

Chachitatu, tsiku lokayezetsa BP likafika, fotokozerani adokotala zomwe mwaonazo, musadikire kuti akufunseni. Angathe kupereka uphungu, kulemba mankhwala, kapena kukutumizani kwa akatswiri monga a ku Zomba Mental Hospital kapena a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Tchulani mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo asipirini ndi azitsamba, popeza ena sagwirizana. Mankhwala a maganizo amatenga masabata angapo kuti ayambe kuthandiza, choncho asasiyidwe popanda chilolezo cha adokotala.

Chachinayi, mubwezereni ntchito zomwe angakwanitse ndi dzanja lamphamvulo, monga kusankha nyemba, ndipo muzimufunsabe maganizo pa nkhani za ndalama ndi za kumunda. Achibale azisinthana pomusamalira, chifukwa wosamalira akatopa amayamba kukalipa.

Wodwalayo akangotchula zoti kuli bwino kufa, musamusiye yekha. Chotsani zingwe, mankhwala a makoswe ndi opopera mbewu, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.