Kanyamulidwe ka katundu wovuta kugwira m'nyumba zosungiramo katundu

Amene amagwira ntchito yotsitsa ndi kupakira katundu ku Kanengo, ku Limbe kapena kumadepoti ena amadziwa kuti thumba la feteleza la makilogalamu 50 limamvera, chifukwa likafika paphewa limakhazikika. Katundu amene amavulaza anthu mosayembekezereka ndi wopanda pogwira pabwino: mafiriji, malata, mapaipi aatali, mabelo a kaunjika ndi migolo yosadzaza imene zamadzi zake zimakhutukira mbali imodzi munthu akamayenda. Vuto lalikulu la katundu wotere ndi lakuti amakakamiza munthu kumunyamulira kutali ndi thupi, ndipo kulemera konse kumakathera m'chiuno, pa timinofu tofewa tokhala pakati pa mafupa a msana.

Bungwe la HSE loona za chitetezo pantchito ku Britain limalangiza kuti mwamuna anyamule makilogalamu osapitirira 25 ngati katunduyo ali pafupi ndi thupi cha m'chiuno, koma akatambasula manja malirewo amatsika kufika pa 15, ndipo akatambasulira pamwamba pa mapewa amatsala 5 okha. Choncho musanagwire chilichonse, muyambe mwachikankha pang'ono kapena kuchipendeketsa kuti mudziwe mbali imene ili yolemera. Firiji, mwachitsanzo, imalemera kwambiri m'munsi chakumbuyo kumene kuli injini yake, ndipo mbali yolemerayo ndi imene iyenera kuyandikana ndi thupi lanu. Yang'ananinso njira yonse imene mudutse, chifukwa katundu wamkulu amatchinga maso, moti chingwe cha pulasitiki chotayidwa pansi kapena mafuta otayikira simungazione mutanyamula kale.

Ponyamula, tangadzani pang'ono phazi lina lili patsogolo, pindani mawondo m'malo mowerama ndi msana wokha, ndipo dzukani pang'onopang'ono osadzambatuka. Cholakwika chimene chimaoneka kwambiri potsitsa katundu m'lole ndi kupotoza chiuno mapazi ali pamalo amodzi. Mukafuna kutembenuka, sunthani mapazi kuti mapewa ndi chiuno ziloze kumodzi. Malata amafuna magolovesi okhuthala chifukwa m'mphepete mwake mumacheka ngati lumo, ndipo panja pakakhala mphepo asanyamulidwe choimika.

Katundu wamtali kapena wotambalala anyamulidwe ndi anthu awiri, koma dziwani kuti anthu awiri sanyamula kawiri zimene mmodzi angathe. Malangizo a HSE omwewo amati mphamvu zawo zikaphatikizidwa, muziwerengera magawo awiri mwa atatu okha. Ndi bwino kuti akhale a msinkhu wofanana, ndipo mmodzi yekha ndiye aziwerenga kuti onse adzuke ndi kutsitsa nthawi imodzi. Pamasitepe kapena potsetsereka, amene ali kumunsi ndiye amasenza gawo lalikulu. Ngati pali ngolo, wilibala kapena forklift (kagalimoto konyamulira katundu wolemera), kudikira mphindi zochepa kuti ipezeke si ulesi ayi, ngakhale kuti malipiro owerengera matumba amachititsa anthu ambiri kuthamanga. Lamba womanga m'chiuno asakunamizeni kuti mungathe kunyamula zoposa mphamvu zanu.

Mukamva ululu wochokera m'chiuno kutsikira m'mwendo, dzanzi kuphazi, kapena mukaona chotupa chikutuluka m'chinena pamene mukunyamula kapena kutsokomola, siyani ntchito n'kupita kuchipatala. Ngati mwayamba kulephera kusunga mkodzo kapena kulephera kukodza kumene, pitani nthawi yomweyo chifukwa mitsempha ya kumsana ingawonongekeretu. Uzani kapitawo tsiku lomwelo ndipo onetsetsani kuti ngoziyo yalembedwa, pakuti lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limapereka mwayi wa chipukuta misozi kwa wovulala pantchito ku Malawi, ndipo nkhani imene sinalembedwe imavuta kuitsimikizira ku ofesi ya zantchito pakapita miyezi.