Kusankha Compiler Yovomerezeka Yolembera Mapulogalamu a DOS

Ngati mwapeza kompyuta yakale kwa okonza makompyuta muno mu Mzuzu ndipo mukufuna kulembera mapulogalamu a DOS (operating system yakale ya makompyuta a PC), yambani mwaona purosesa yake musanasankhe compiler, yomwe ndi pulogalamu yosandutsa zimene mwalemba kukhala pulogalamu yoti kompyuta iyendetse.

Ikakhala 386 kapena yoposa pamenepo, tengani DJGPP, yomwe ndi compiler ya GCC yokonzedwera DOS ndipo imagawidwa mwaulere. Mapulogalamu ake ndi a 32-bit, choncho amafuna DPMI, njira yothandiza mapulogalamu a 32-bit kuyenda pa DOS. Ikani kafayilo ka CWSDPMI.EXE, komwe kamapereka DPMI, pamodzi ndi pulogalamu yanu, apo ayi siyamba pa DOS yokhayokha. Pa kompyuta ya 8086 kapena 286 DJGPP siigwira ntchito, ndiye pamenepo Open Watcom ndiyo yoyenera, chifukwa imapanga mapulogalamu a 16-bit ndi 32-bit, a DOS, OS/2 ndi Windows 3.1, ndipo mutha kuiyendetsa pa laputopu yamakono n'kungosamutsa pulogalamuyo ikatha. Ine ndimakonda imeneyi.

Chenjerani ndi mawebusayiti ogawa mapulogalamu akale omwe eni ake anasiya kugulitsa, pakuti kukalamba kwa pulogalamu sikuchotsa umwini wake. Turbo C 2.01 eni ake a Borland anaipereka yaulere, koma si compiler yakale iliyonse yomwe eni ake anatero, ndiye werengani kaye laisensi musanakopere. Pulogalamu yanu iyeseni mu DOSBox, pulogalamu yotsanzira DOS pa kompyuta yamakono, kapena pa FreeDOS, yomwe ndi DOS yaulere.