Momwe mungasamalire batire la m'khadi lanu lolipirira kuti lisakufereni pa nthawi yolakwika

Khadi la ku banki ndi lopyapyala kwambiri moti munthu sungaganize kuti m'kati mwake mungakhale batire. Muyezo wapadziko lonse wa ISO/IEC 7810 umati khadi likhale mamilimita 85.60 m'litali, mamilimita 53.98 m'lifupi, ndipo kuchindikala kwake kukhale mamilimita 0.76 okha. Komabe m'kampata kameneka opanga makhadi ena amakwanitsa kulowetsamo kabatire, kasikirini, timawaya, nthawi zina ndi batani lomwe.

Ine ndinazidziwa bwino zimenezi usiku wina ndikugula tikiti pa intaneti. Khadi langa linali la mtundu uja womwe manambala atatu akumbuyo amasinthasintha. Ndinalemba manambalawo monga momwe ankaonekera, malipiro n'kukanidwa. Ndinabwereza katatu konse, osatheka. Ndinagona nditakhumudwa, ndikuganiza kuti vuto lili ku banki. M'mawa nditatembenuza khadi lija ndinapeza manambala omwe aja a dzulo ali phee, sanasinthe. Batire linali litafa kalekale, ine osadziwa. Masitepe otsatirawa ndi omwe ndikanakonda wina akanandiuza pa tsiku lomwe ndinkalandira khadilo.

Gawo loyamba: dziwani ngati khadi lanu lili ndi batire

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, ndiye tiyeni tichedwepo pang'ono. Makhadi ochuluka omwe anthu ali nawo alibe batire ngakhale pang'ono. Khadi lokhala ndi kachitsulo kooneka ngati golide, komwe amakatcha chip, limalandira mphamvu kuchokera ku makina omwe mwalilowetsamo. Khadi longogunditsa pa makina nalonso lilibe batire. M'kati mwa pulasitiki yake muli kawaya kopyapyala kozungulira m'mbali monse. Makina olipirira amatulutsa mafunde a 13.56 MHz, kawayako n'kusandutsa mafundewo kukhala magetsi okwanira kudzutsa chip kwa kamphindi. N'chifukwa chake khadi limafunika kufika pafupi kwambiri ndi makina, masentimita ochepa chabe. Ngati lanu ndi lotere, palibe choti mutchaje, ndipo likakana kugwira ntchito musanamizire batire.

Makhadi owerenga chidindo cha chala nawonso ambiri mwa iwo amadya magetsi a makina olipirira. Mastercard inayesa khadi lotere ku South Africa mu 2017. Pamakhadi amenewa batire mumalipeza m'kachipangizo kapadera komwe mabanki ena amatumiza kuti mulembetsere chala chanu muli kunyumba. Mukamalipira, ingogwirani khadi pa makina osafulumira kulichotsa, chifukwa kuwerenga chala kumafuna kanthawi ndi magetsi ochulukirapo kusiyana ndi kungogunditsa wamba.

Makhadi okhala ndi batire mungawazindikire ndi maso. Yang'anani zinthu izi: kasikirini, batani loti mudine, kanyali, kapena tchaja yomwe inabwera limodzi ndi khadilo. Chimodzi mwa zimenezi chikapezeka, nthawi zambiri batire limakhalamo.

Gawo lachiwiri: kodi ndi lotchaja kapena losatchaja?

Funso limeneli ndi lomwe limasankha zonse zomwe muchite kutsogoloku.

Makhadi osintha manambala akumbuyo ali ndi batire la lithium losatchaja, lomatiridwa m'kati moti simungalichotse. Chitsanzo chodziwika ndi Motion Code, ya kampani ya ku France ya Oberthur Technologies, yomwe mu 2017 inaphatikizana ndi kampani ina n'kukhala IDEMIA. Banki ya Société Générale inayamba kupereka makhadi otere kwa makasitomala ake mu 2016. Manambala amasintha pa ola lililonse, ndipo batire linapangidwa kuti likhale zaka pafupifupi zitatu, molingana ndi moyo wa khadilo. Makhadi okhala ndi batani lotulutsa nambala yachinsinsi yogwiritsa ntchito kamodzi kokha nawonso kawirikawiri ndi osatchaja.

Mbali inayi kuli makhadi olumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth, monga osungira makiyi achinsinsi a ndalama za pa intaneti (ngati Bitcoin) kapena onyamula makhadi angapo m'khadi limodzi. Ambiri mwa amenewa amatchajidwa pa kachipangizo kawokawo. Osati onse ayi: khadi la Coin, lomwe linatchuka ku United States kuyambira 2013, linali ndi Bluetooth koma batire lake linali losatchaja, la zaka pafupifupi ziwiri, ndipo likatha munthu ankayenera kupeza khadi lina. Choncho musangoganizira. Werengani kapepala komwe kanabwera ndi khadi, kapena funsani omwe anakupatsani.

Gawo lachitatu: phunzirani kuona zizindikiro zoti batire likufa

Tisikirini ta makhadi ambiri osintha manambala ndi ta mtundu wa e-paper. Sikirini yotereyi imadya magetsi pokhapokha ikamasintha zomwe ikuonetsa. Ikamaliza kusintha, chithunzicho chimakhalabe pompo popanda mphamvu ina iliyonse. Ubwino wake ndi woti kabatire kakang'ono kamatha kukhala zaka. Kuipa kwake ndi komwe kunandigwetsa ine: batire likafa, sikirini sizima ngati ya foni. Ikhoza kupitiriza kuonetsa manambala omaliza, ooneka bwinobwino, pamene kompyuta ya ku banki inapita kale patsogolo ndipo ikuyembekezera manambala ena.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Yang'anani manambalawo, muwasunge m'mutu, kenako mudzayang'anenso pakapita maola awiri kapena atatu. Akakhala omwe aja pamene khadi lanu ndi losintha manambala pa ola lililonse, imbirani ku banki tsiku lomwelo. Chitani zimenezi kamodzi pa mwezi khadi likapitirira zaka ziwiri, ndiponso nthawi iliyonse musananyamuke ulendo wautali. Zizindikiro zina ndi manambala otumbuluka, nambala yoduka theka, kapena batani lomwe mumachita kudina kangapo kuti liyankhe.

Pali nkhani yolimbitsa mtima: pamakhadi amenewa batire limangoyendetsa wotchi ya m'kati ndi sikirini. Chip imadalirabe magetsi a makina. Ndiye batire likafa mukhoza kutapabe ndalama pa ATM ndi kulipira m'sitolo. Chomwe chimaima ndi kugula pa intaneti kapena pa foni, komwe amafunsa manambala akumbuyo aja.

Gawo lachinayi: sungani khadi kutali ndi kutentha, ndipo musalipinde

Ngati pali chinthu chimodzi choti mukumbukire m'nkhani yonseyi, ndi kutentha. Batire la lithium limataya mphamvu pang'onopang'ono ngakhale lisakugwira ntchito, ndipo kukatentha kutayako kumathamanga. M'galimoto yoimikidwa padzuwa magalasi ali otseka, kutentha kumatha kupitirira madigiri 60. Chikwama chosiyidwa pampando masana onse chimadya miyezi ya moyo wa batire mwakachetechete, inu osaona chilichonse tsiku limenelo.

Anthu ambiri amakonda kuika khadi kuseri kwa foni, m'kati mwa chikuto chake. Ndikumvetsa, chifukwa sutaya msanga. Koma foni imatentha ikamatchajidwa komanso ikamagwira ntchito yolemetsa, ndipo khadi limakhala likuwotha motowo tsiku ndi tsiku. Choopsa kwambiri ndi tchaja yopanda waya: khadi likakhala pakati pa foni ndi tchajayo limalandira kutentha ndi mphamvu ya maginito, zomwe zingawononge kamzere kakuda kakumbuyo ndiponso chip. Apple yomwe imachenjeza za zimenezi pa matchaja ake a MagSafe. Chotsani khadi musanaike foni pa tchaja.

Kupinda ndi mdani wachiwiri. Makhadi amayesedwa kuti apirire kupindika pang'ono, koma kukhalira chikwama m'thumba lakumbuyo tsiku lililonse kwa zaka ziwiri ndi nkhani ina. Timawaya tolumikiza batire ndi sikirini timatopa n'kuduka, batire likadali ndi mphamvu. Ikani khadi m'thumba lakutsogolo kapena m'kachikwama kolimba. Musaboole khadi kuti mulimangirire ku makiyi. Likanyowa, lipukuteni ndi kansalu, liume lokha pamthunzi, osati padzuwa kapena pafupi ndi moto.

Gawo lachisanu: chepetsani zomwe zimadya moto

Ngati khadi lanu lili ndi batani, kudina kulikonse kumadzutsa kachipangizo ka m'kati ndi kuyatsa sikirini. Dinani pokhapokha mukufuna nambala. Onaninso momwe khadi limakhalira m'chikwama: likathinana ndi makhadi ena, kapena batani likayang'anizana ndi ndalama zachitsulo kapena zipi, limatha kumadinika lokha mukuyenda. Lipatseni kathumba kakekake. Ana nawonso amasangalala kuona manambala akusintha, choncho lisakhale choseweretsa.

Pamakhadi a Bluetooth, tsegulani pulogalamu yake pa foni muone zomwe mungazimitse. Ena amakhala akulankhulana ndi foni nthawi zonse kuti akuchenjezeni mukaiwala khadi penapake. Chenjezo limeneli ndi lothandiza, ndipo ine sindinganene kuti aliyense alizimitse, chifukwa kutaya khadi n'kopweteka kuposa kutchaja pafupipafupi. Koma ngati khadi limangokhala m'kabati kunyumba, palibe chifukwa choti lizifunafuna foni usana ndi usiku. Lizimitseni mukamaliza kuligwiritsa ntchito.

Khadi losintha manambala pa ola lililonse lopanda batani simungalichepetsere kadyedwe ka moto. Wotchi yake imayenda basi. Chomwe mungachite ndi kulisunga bwino monga tafotokozera.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: tchajani moyenera

Gawoli ndi la makhadi otchaja okha. Gwiritsani ntchito tchaja yomwe inabwera ndi khadi. Kabatire kam'khadi n'kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi ka foni, ndipo tchaja yakeyo inapangidwa kuti ipereke magetsi ochepa oyenerera. Musanalowetse khadi, pukutani tizitsulo tolumikizira ndi kansalu kouma, chifukwa thukuta la m'manja ndi fumbi la m'chikwama zimalepheretsa moto kulowa, munthu n'kumaganiza kuti batire lafa pamene ndi litsiro chabe.

Musadikire kuti moto utheretu. Batire la lithium lotchaja likakhala lopanda moto kwa miyezi yambiri limatsika kupitirira malire oyenera, ndipo nthawi zina silidzukanso. Izi zimagwera kwambiri anthu omwe amasamala khadi lawo mopitirira, kulitsekera m'kabati kwa chaka chathunthu osalikhudza. Ngati mukufuna kulisunga nthawi yaitali, litchajeni kufika cha pakatikati, lizimitseni, liikeni pamalo ozizirira bwino ndi ouma, kenako ikani chikumbutso pa foni choti muzilitchaja mwezi uliwonse kapena monga momwe opanga ananenera. Likadzaza lichotseni pa tchaja. Musalitchaje lili lotentha chifukwa chokhala padzuwa, kapena pamalo ozizira mpaka madzi kuundana.

Kwa omwe ali ndi khadi losungira makiyi a ndalama za pa intaneti, pali mfundo yofunika kuposa batire lenilenilo. Mawu obwezeretsera akaunti, omwe kawirikawiri amakhala 12 kapena 24, alembeni papepala ndi kuwasunga pamalo otetezeka tsiku lomwe mwayamba kugwiritsa ntchito khadi. Batire likafa muli ndi mawuwo, mungogula chipangizo china n'kubwezeretsa zonse. Likafa mulibe, palibe banki yoti mukadandaulireko.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: khalani ndi njira ina yolipirira

Batire losatchaja lidzatha ndithu, kaya mulisamale bwanji. Yang'anani tsiku lothera ntchito lomwe lalembedwa pa khadi, ndipo funsani ku banki kuti khadi latsopano amatumiza liti komanso amachita bwanji batire likafa tsikulo lisanakwane. Poyenda ulendo nyamulani khadi lachiwiri lopanda batire, muliike m'thumba losiyana ndi loyambalo. Ngati mumalipira ndi foni, kumbukirani kuti pamenepo batire la foni ndi lomwe lasanduka batire la khadi lanu. Mafoni a iPhone kuyambira pa XS amasungako kamoto koti makhadi ena, makamaka okwerera sitima ndi mabasi, agwirebe ntchito mpaka maola 5 foni itazima chifukwa cha kutha moto, koma zimenezi sizikhudza malipiro onse.

Gawo lomaliza: musalidule ndi sizasi

Tinazolowera kuti khadi likatha ntchito timalidula tizidutswa kuti wina asaligwiritse ntchito. Pakhadi la batire chizolowezi chimenechi n'choopsa. Sizasi ikadutsa pakati pa batire la lithium imagunditsa zigawo zomwe siziyenera kukhudzana, ndipo batire likhoza kutentha, kutulutsa utsi kapena kuyaka. Musaliike m'makina onyenya mapepala, musaliponye pamoto, musalitaye pamodzi ndi zinyalala za m'nyumba.

Yambani ndi kuuza banki kuti itseke khadilo, kuti ngakhale wina alitole lisamuthandize kanthu. Kenako libwezeni ku banki komweko, kapena lipititseni kumalo olandirira mabatire ndi zipangizo zamagetsi zakutha. Mukaona khadi latupa, lang'aluka m'mbali kapena likutentha lokha, lekani kuligwiritsa ntchito nthawi yomweyo, ndipo musalilowetsenso mu ATM kapena pa tchaja. Liikeni pa simenti kapena m'mbale yadothi, kutali ndi mapepala ndi nsalu, mpaka mutalipereka kwa oyenera kulitaya.