Mathalauza akukhwepa, ngongole ikudikira

Nditayamba kuyenda wapansi kuchokera ku Yeoville, dera lina la mumzinda wa Johannesburg, kupita kuntchito m'tauni, n'kusiyanso zakumwa za shuga, thupi linatsika moti mathalauza anayamba kukhwepa. Koma ndinali kale ndi ngongole ya zovala kusitolo ina, kuphatikizapo katapila wa mashonisa (anthu okongoza ndalama pa chiwongola dzanja chokwera) amene ankandisowetsa tulo.

Khadi ya kusitolo ija ndinaidula ndi sizasi. Malipiro akangolowa ndinkayamba ndi katapila, poti ndi amene amabereka msanga, kenako sitolo. Zovala ndinaziikira R200 yokha pamwezi. Mathalauza anandibwezera m'chiuno telala wina wakwathu, malaya ndinkakasankha pakaunjika wa ku Dunusa, chowerama ngati ndikuzula mtedza. Lamba ndinangomuboola ndi msomali, mabowo awiri.

Katapila ndinathana naye. Suti ndidzagula sikelo ikadzaima.