Momwe mungatchingire nthaka kuti isakokoloke m'munda wotsetsereka

Minda yambiri yozungulira Chipata, makamaka ya m'mphepete mwa mapiri, sinaguge yokha. Mitengo tinaidula kuti tiwotche makala ndi kuumitsira fodya, mapesi timawatentha chaka ndi chaka pofuna mbewa, chimanga timabzala pamalo amodzimodzi popanda kasinthasintha, ndipo ena amaunga mizere yotsata kutsetsereka kwa malo, kotero kuti madzi amathamanga m'khwawa lililonse. M'munda wotero ngakhale feteleza wa FISP (ndondomeko ya boma yothandiza alimi ndi zipangizo za ulimi) sapindula kwenikweni, chifukwa mvula ya mu Januwale imamutsitsira kudambo pamodzi ndi dothi lapamwamba. Ntchito yoyamba ndi kuimitsa madziwo, ndipo nthawi yake ndi mukangokolola, nthaka isanaume gwa.

Pangani chipangizo chotchedwa A-frame, chooneka ngati chilembo A, chopezera malo olingana m'munda. Pamafunika mitengo iwiri yowongoka yofanana kutalika, ya mamita awiri kapena kupitirira pang'ono, wachitatu wopingasa pakati, chingwe cholendewera kuchokera pamwamba pomwe mitengo iwiriyo yakumana, ndi mwala womangirira kunsonga ya chingwecho. Ena amagulitsa zachitsulo pamtengo wokwera, koma ntchito yake ndi imodzimodzi.

Gawo lofunika kulisamala kwambiri ndi lopeza pakati penipeni pa mtengo wopingasawo. Imikani chipangizocho pansi, ikani zizindikiro pamene miyendo yaponda, ndipo lembani pamene chingwe chakhudza mtengo wopingasa. Kenako chitembenuzeni kuti mwendo wakumanja uponde pomwe panali wakumanzere, ndi kulembanso. Pakati pa zizindikiro ziwirizo ndi pamene chingwe chiyenera kuima nthawi zonse miyendo ikakhala pamalo olingana. Mitengo yake ikhale youma, ndipo ikhomedwe ndi misomali m'malo momanga ndi luzi. M'munda mwanga chipangizo choyamba chinali cha mitengo yaiwisi, ndipo itayamba kuuma mwendo umodzi unapindika pang'ono, mwakuti kalozera yense (mzere waukulu wopingasa kutsetsereka, umene mizere ina imatsata) anapendekera mbali imodzi popanda woona. Mvula yamphamvu itagwa madzi anasonkhana pangodya, anagumula mzere, ndipo anasiya chigwembe chofika m'mawondo pamene kale panalibe. Kalozera wopendekeka amawononga kuposa kusakhala naye, chifukwa amaunjika madzi a munda wonse pamalo amodzi. Choncho bwerezani kuyesa kumeneku m'mawa uliwonse musanayambe ntchito, ndipo kukakhala mphepo dikirani mwala uleke kugwedezeka musanakhome chikhomo.

Yambirani kumtunda kwa munda. Khomani chikhomo pamwendo woyamba, sunthani wachiwiri kufikira chingwe chitaima pachizindikiro, khomani china, ndipo pitirizani kuzungulitsa chipangizocho mpaka kumalire. Ungani mzere waukulu motsata zikhomozo. Malo akakhala otsetsereka kwambiri akalozera ayandikane, ndipo alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakuuzeni mtunda woyenera. Mizere yonse ya mbewu iungidwenso motsata kalozerayo, ngakhale kuti chaka choyamba ntchito imeneyi ndi yowawa ndipo aganyu amakweza mtengo akaona kuti mukugumula mizere yakale.

Mvula ikakhazikika bzalani udzu wa vetiva pakalozera, motalikirana masentimita 10 mpaka 15. Ndi bwino kupempha mbewu yake kwa mlimi mnzanu amene ali nawo kale, chifukwa pamsika pali ena ogulitsa zitsa za udzu wamba zodulidwa masamba. Vetiva weniweni mizu yake imanunkhira, imalowa pansi kwambiri, ndipo safalikira m'munda.

Zikatero musatenthenso mapesi, koma agonekeni m'makwawa kuti aolerane. Sinthanitsani chimanga ndi mtedza, soya kapena nandolo. Pamene yureya wathiridwa zaka zambiri nthaka imakhala ndi asidi wochuluka, ndipo pamafunika laimu wa zaulimi, osati wopaka nyumba amene amalonda ena amakupatsirani mukapanda kufunsa. Mitengo ya gliricidia ndi jerejere, imene inayesedwa kumalo a kafukufuku wa zaulimi a Msekera, pafupi ndi Chipata, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, imabwezera chonde, ndipo msangu ungabzalidwe motalikirana mamita 10. Za ng'ombe zomwe zimamasulidwa m'chilimwe kambiranani ndi amfumu, chifukwa zimadya mapesi ndi kupondereza akalozera asanalimbe.