Kwa amene mukuphunzira kuyesa ana asukulu ndi WISC-V, mayeso oyezera nzeru za ana

Musanatsegule buku la mayeso, werengetserani kaye zaka za mwana: tsiku loyesa kuchotsapo tsiku lobadwa, masiku akapelewera mubwereke 30 ku mwezi. Kuphonya mwezi umodzi wokha kungakugwetseni pa tebulo la malikisi la ana a msinkhu wina, malikisi onse n'kusokonekera. WISC-V ndi ya ana a zaka 6 mpaka 16 ndi miyezi 11.

Chilolezo cha makolo chikhale cholembedwa. Funsaninso ngati mwana wadya, ngati amamva ndi kuona bwino. Amene wangochira malungo amaoneka wochedwa kuganiza pomwe vuto ndi thupi; musinthireni tsiku.

Pa Digit Span, gawo limene mwana amabwereza manambala amene mwamutchulira, ndi pamene ambiri ophunzira kuyesa amagwa. Tchulani nambala imodzi pa sekondi iliyonse, osaziphatikiza ziwiriziwiri ngati nambala ya foni, chifukwa potero mwamupeputsira ntchito. Osabwereza ngakhale atachonderera. Yesererani kunyumba ndi wotchi mpaka lilime lizolowere. Pa Block Design, gawo limene mwana amasanja timabuloko motsanzira chithunzi, wotchi iyambe mukangomaliza mawu otsiriza a malangizo.

Yankho lembani mmene walinenera mwini wake. Osanena kuti "wakhoza", osagwedeza mutu. Ana amawerenga nkhope, ndipo cholembera chikangoima amadziwa kuti alakwa. Muuzeni kuti "ukulimbikira".

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: matebulo a mayesowa anapangidwa poyesa ana a kunja, monga ku America, m'Chingerezi. Mukamasulira funso pompo, mwasintha mayeso. Mwana wa Chichewa akapeza malikisi otsika, musathamangire kulemba kuti nzeru zake n'zochepa. Onani makope ake, mumuone m'kalasi, ndipo lipoti lidutse kwa okuyang'anirani lisanafike kwa aphunzitsi.