Printa ya 3D ikutulutsa tiulusi ndi ziphuphu? Musathamangire retraction kaye

Mwachotsa chinthu chanu pa bed, mbale yomwe printa imaumbirapo zinthu, mmalo mosangalala mukupeza tiulusi tadutsa paliponse ngati ukonde wa kangaude, mmbali muli ziphuphu, pamwamba timabowo. Anthu ambiri akafika apa amangotsegula Cura, slicer kapena kuti pulogalamu yokonzera fayilo yoti iprintidwe, nkuyamba kukweza retraction, kubweza pulasitiki mmbuyo kuti isadonthe mutu wa printa ukamasamuka, 7, 8, mpaka 10 mm, mawa lake nozzle, kansonga kotulukira pulasitiki, yatsekeka nde vuto lasanduka awiri. Abale, retraction ndi yachitatu pa mzere. Choyamba ndi filament yeniyeniyo, chingwe cha pulasitiki chomwe printa imasungunula, chachiwiri moto, ndipo muzisintha chinthu chimodzi nkuyesa, osati zisanu nthawi imodzi chifukwa zikakhala bwino simudziwa kuti chakonza ndi chiti.

Filament imayamwa chinyezi cha mumpweya. Mwa mitundu yake, PETG, TPU ndi nylon nde zaludzu kwabasi, PLA imachedwerapo koma nayo ikakhala pamtunda miyezi imanyowa ndithu. Madzi aja akafika mu hotend, mosungunulira filament, pa madigiri 200 amasanduka nthunzi, nthunziyo imakankha pulasitiki kuti izituluka ngakhale extruder, yomwe imakankha filament, yabweza kale, nde mungakweze retraction bwanji ulusi sutha. Kuyesa kwake nkosavuta: tenthetsani nozzle, kwezani mutu mmwamba, tulutsani filament pang'ono mmalere nkutchera khutu. Mukamva kuthetheka, tha! tha!, kapena chotulukacho chili ndi tithovu komanso chokhakhala mmalo mosalala, basi yanyowa imeneyo. PLA ina imachita kuthyoka yokha mukaipinda pang'ono. Nthawi ya dzinja, Novembala mpaka Epulo, zimenezi zimachuluka, makamaka inu akunyanja ku Salima ndi Mangochi.

Kuumitsa kwake PLA imafuna madigiri 45 mpaka 50 kwa maola 4 kapena 6, PETG 60 mpaka 65. Ngati muli ndi dryer ya filament bola. Ngati mulibe, bed ya printa yomweyo imagwira ntchito, ikani pa 50, gonekani spool, mkulungo wa filament uja, pamenepo, vindikirani ndi katoni yomwe inabweramo mutaiboola timabowo pamwamba kuti chinyezi chizithawa, pakati pa nthawi muitembenuze. Uvuni yakukhitchini ine sindiikhulupirira, mumalemba 50 iyo nkudumpha mpaka 70, pomwe PLA imayamba kufewa cha mma 60, spool yonse kumatirirana nkukhala chinthu chimodzi ndipo ndalama zake mukuzidziwa. Padzuwanso ayi. Ikauma isungeni mu chigubu kapena ndowa yotseka bwino ndi timapaketi ta silica gel tija timabwera mmakatoni a nsapato.

Yauma koma ulusi ulipobe? Tsitsani moto. Pulasitiki ikatentha kwambiri imakhala yamadzimadzi nde imadontha yokha mutu ukamayenda. PLA imayenda pakati pa 190 ndi 220, PETG 230 mpaka 250, koma zolembedwa pa spool zija ndi poyambira chabe, kampani yomweyo yoyera ndi yakuda zimatha kusiyana. Printani temperature tower, kansanja koyesera moto wosiyanasiyana, mu slicer ya OrcaSlicer ilimo kale pa Calibration, kapena muzingotsitsa 5 nkuyesa, 5 nkuyesa. Mukatsitsa mopyola muyezo mumva extruder ikugogoda ndipo ma layer amalekana mukangopinda ndi manja, pamenepo bwererani mmwamba 5.

Pano nde tifike pa retraction. Funso nloti mota yokankha filament ili pati. Ngati ili kumbali ndipo filament imadutsa mu kachubu kakatali koyera, monga printa ya Ender 3 yakale, imeneyo ndi Bowden ndipo imafuna 4 mpaka 6 mm, liwiro 25 mpaka 45 mm pa sekondi. Ngati mota ili pamutu penipeni, direct drive, 0.5 mpaka 2 mm yakwana, osaika 5 pamenepo. Pezani kamodelo koyesera ka timizati tiwiri kamene kamatha msanga, muzisintha 0.5 mm basi. Mukabweza kwambiri pulasitiki yofewa imakokedwa kukafika kumtunda kozizira, kuuma komweko, kutseka njira.

Pa Bowden pali kanthu kena komwe ambiri sakaona. Tengani maka, lembani kachizindikiro pa chubu pomwe chikulowa mu coupler, kachitsulo kogwira chubucho, yambitsani print nkumayang'ana. Ngati kachizindikiroko kakulowa nkutuluka nthawi iliyonse printa ikabweza, ndiye kuti mwa 5 mm yanu ija ina ikuthera kusuntha chubu, siikufika ku nozzle. Coupler yatopa, kapena kaclip kaja kogwira kanagwa. Sinthani. Kumunsinso chubucho chimayenera kugunda nozzle ndendende, pakakhala kampata pulasitiki imadzaza pamenepo nkumadontha nthawi yomwe yafuna. Dulani nsonga yopsayo mowongoka bwino, ndipo nozzle muzimanga ili yotentha, samalani zala.

Zina ndi zazing'ono. Travel speed, liwiro la mutu ukamasamuka osatulutsa pulasitiki, ikhale 150 mm pa sekondi kapena kuposerapo kuti mutu usamachedwe mmalere. Combing mu Cura, kapena Avoid crossing perimeters mu PrusaSlicer, imapangitsa mutu kuyenda mkati mwa chinthucho nde zodonthazo zimabisika. Z-hop, kukweza mutu pang'ono ukamasamuka, izimitseni ngati mutu sukugunda kanthu, imaonjezera ulusi. Komanso tinene zoona, PETG ndi yaubweya mwachibadwa, titsitsi tochepa tosalala tija musavutike nato usiku onse, dutsitsani heat gun kapena laita mwachangu tipsa tokha. Mwachangu ndati, mukaima pamodzi chinthucho chipindika.

Ziphuphu tsopano. Yang'anani kaye mmene zakhalira. Ngati zandandalika mzere umodzi kuchoka pansi kufika pamwamba, umenewo ndi msoko, Z seam, pomwe layer iliyonse imayambira nkuthera. Sungachotsedwe koma umabisika, mu Cura pa Z Seam Alignment sankhani Sharpest Corner kuti ulowe pakona, kapena User Specified nkuuika kumbuyo. Random ndimadana nayo, mmalo mwa mzere umodzi imamwaza ziphuphu thupi lonse.

Ngati ziphuphuzo ndi zikuluzikulu ndipo mukaonetsetsa mutu umaima kaye pang'ono usanapitirize, kawirikawiri pa ma printa a Creality ndi ena oyendera firmware ya Marlin, pulogalamu ya mkati mwa printa, vuto ndi power loss recovery. Printa imalemba pa SD card pomwe yafika kuti magetsi akazima idzapitirize, nde ikamalemba imapuma kamphindi, nozzle ili pompo ikudontha. Mukaika M413 S0 mu start G-code, malamulo oyambira print a mu slicer, imazima, ngati firmware yanu imamva lamuloli. Koma apa nde pali nkhani, ndi mmene magetsi amazimirazimira kwathu kuno munthu uzimitse chinthu chokhacho chokupulumutsa pa print ya maola 12? Ine maganizo anga ndi oti tinthu tating'ono tofuna kukongola zimitsani, zikuluzikulu siyani iyake mudzapale ndi sandpaper, ndipo ngati muli ndi inverter kapena UPS yokwana nde zimitsani osayang'ananso mmbuyo. Yesaninso SD card yabwino yothamanga, timakadi tobwera ndi printa tija nthawi zambiri ndi taulesi. Kuimaima komweku kumachitikanso mukamaprinta kudzera pa USB zinthu zozungulira zokhala ndi timizere tambirimbiri, printa imadikira malamulo kuchokera ku kompyuta. Ikani fayilo pa kadi muone ngati zisintha.

Khoma lonse likakhala lotupatupa, pamwamba pali timizere totukuka tokanda chala, pulasitiki ikutuluka yochuluka. Yesani e-steps, chiwerengero cha ma step omwe mota imayenda pokankha 1 mm ya filament. Ikani chizindikiro pa filament 120 mm kuchokera polowera extruder, uzani printa ikankhe 100 mm pang'onopang'ono nozzle ili yotentha, yezani chotsala. Chikuyenera kukhala 20. Tinene kuti chatsala 15, nde yakankha 105. Ender 3 imabwera ndi e-steps 93, werengani 93 x 100 ÷ 105, mupeza 88.6, tumizani M92 E88.6 kenako M500 kuti isunge. Zikapanda kutheratu tsitsani flow mu slicer, kuchuluka kwa pulasitiki yotuluka, ndi 2 kapena 3 peresenti.

Timafunde tobwerezabwereza pafupi ndi makona kapena zilembo ndi kunjenjemera, kungani malamba, tsitsani acceleration ndi liwiro la khoma lakunja, ndipo chotsani printa pa tebulo logwedezeka, pansi pa simenti ndi bwino. Mizere yopingasa yobwera pa mtunda wofanana nthawi zonse, onani chitsulo chamazinga cha Z, chokweza mutu chija, ngati chapindika, chauma mafuta kapena coupler yake yamasuka. Pansi pakatambasuka kuposa thupi, nozzle yapanikiza kwambiri layer yoyamba kapena bed yatentha mopitirira, kwezani pang'ono Z offset, mpata wa nozzle ndi bed, ndipo pa PLA bed isapose 60. Pamwamba pakakhala mabowo ndi zotupa, ma top layer achepa, pa layer ya 0.2 mm ikani 5, fan iziomba mokwana, infill, zodzaza mkati zija, ikwereko.

Zonsezi mwachita koma mawonekedwe akadali oipa, masulani nozzle muione pa kuwala. Ya brass ya 0.4 mm imatha, makamaka ngati munadutsitsamo filament yowala mumdima kapena ya carbon fibre, bowo limakula nkusiya kukhala lozungulira. Ikani yatsopano, nkubwereza kamodelo ka timizati kaja musanasinthe china chilichonse mu slicer.